Masamba Khumi ndi Awiri Otsiriza

Mayi Agnes Threlfall,
ndinakumana nanu m'kabati ya laibulale ku Ntcheu,
buku lanu lilibe chikuto,
masamba khumi ndi awiri otsiriza atadyedwa ndi chiswe.
Zaka makumi awiri zatha ndisakudziwa
ngati Dorcas wosoka maukonde uja anakwera sitima
kapena anabwerera kwa chidakwa chake chija.
Ndinkamupekera ndekha mathero:
Lolemba ankathawa, Lachisanu ankakhululuka.

Lero ndili ku Fleetwood, kwanu.
Ndachezera kutembenuza okalamba pabedi,
m'manja mukununkhabe mankhwala.
Mphepo ya kuno ilibe odi,
imangolowa m'khosi ngati mwini ngongole.
Nyumba yanu ija tsopano ndi mochapira zovala.
Makina akuzungulira pomwe akuti munkalembera
chiimirire, pathabwa lositirapo,
ana anayi atagona.
Akuti masana munkatumbula nsomba kudoko
zala zitachita ming'alu ndi mchere,
akuti osindikiza anakukanani kasanu ndi kawiri
ndipo makalata awowo munkakolezera moto.
Mtsikana wa pakauntala sanamvepo za inu.
Wandifunsa ngati ndikufuna sopo.

Koma kuseri kwa msewu, m'sitolo ya kaunjika,
pakati pa makapu obenthuka ndi chidole chopanda mkono,
ndakupezani wathunthu.
Mtengo wanu sukukwana ngakhale wa tiyi.

Ndakhala pabenchi poyang'ana nyanja yotuwa,
mbalame zikulimbirana tchipisi cha munthu wina,
ndayambira kumapeto, mtima uli phaphapha.

Haa, Mayi, ndinu oipa!
Dorcas sanakwere sitima.
Sanabwererenso kunyumba.
Wangokhala pamwala wa padoko,
wavula nsapato imodzi, wakutumula mchenga,
wanyema buledi, akudya pang'onopang'ono
koyamba m'moyo wake popanda womuitana.
Basi. Kadontho. Pepala loyera.

Ndakwiya nanu mpaka basi yandisiya.
Kenako ndaseka ndekha ngati wozungulira mutu,
nkhalamba yoyenda ndi galu n'kundilambalala.
Kani chiswe cha ku Ntcheu sichinandibere zambiri,
chinangodya pomwe inunso munasiya chitseko chosatseka.

Manda anu sindiwafuna.
Ndatsala ndi maola asanu ndisanabwerere kuntchito,
m'thumba muli banzi ya dzulo.
Ndavula nsapato imodzi.
Foni ikulira, aku ofesi akufuna wogwirizira ntchito masana ano.
Ilire.