Nambala Yosasuntha

Magetsi akathima ku Matawale
n'kuyakanso ngati sanalakwe kanthu,
kabokosi ka pamwamba pa kabati kamadzuka,
timaso tobiriwira phethiphethi,
n'kuyamba kugawa manambala mwachisawawa
ngati kondakitala wa minibasi ya ku Songani:
wafika msanga khala kutsogolo,
wachedwa kadzipanikize kumbuyo.
Foni yalanda mpando wa pirinta,
kamera yakhala pa malo a foni,
ndipo pirinta, iyi, ndikuigwira ndi dzanja,
kompyuta ikuti siikuidziwa.

Pakhonde ana atatu a ku Chanko,
mapepala akufunika mawa m'mawa,
mmodzi akugogoda zenera ndi fulashi.
Ine amene ndinatayipa makalata a boma zaka makumi awiri
osaphonya mpumiro,
thukuta kamukamu pamaso pa makina anga omwe.

Loweruka Mwandida anabwera ndi basi ya masana.
Asanavule n'komwe nsapato analemba
192.168.1.1
nati, Amayi, khomo lake ndi ili.
Mawu achinsinsi tinasankha dzina la galu wathu wakale
ndi chaka chimene mphepo inasasula denga.
Chitseko chinatseguka.
Nyumba yanga yonse inali mmenemo pamndandanda,
zamoyo ndi zogona.

Chilichonse, anatero, chili ndi chipsera chobadwa nacho.
Rauta ikachiona chipseracho
tiiuza kuti uyu malo ake ndi awa, basi,
kaya magetsi apite kaya abwere.
Kompyuta, khumi.
Pirinta, makumi awiri.
Kamera yoyang'ana khola la zinziri, makumi atatu.
Ndinazilemba pakalendala, pansi pa nambala ya wokonza mipope.

Ndinafunsa, nanga a Che Bwanali kuseriku
akasankhanso makumi awiri, sitilimbana?
Anaseka.
Nawonso ali nayo, amayi, mwina Zomba yense.
Nambala izi sizidumpha mpanda.
Zili ngati dzina lija mumandiitana mukakwiya:
m'nyumba muno ndimatembenuka,
ku msika wa Mpondabwino palibe angacheuke.

Kenako chala chake chinaima.
Mmunsi mwa mndandanda, m'zilembo zotuwa,
Foni-ya-Yasini.
Kabokosi kanali kasanamuiwale.
Zaka ziwiri ndi miyezi isanu chikwerereni basi ya ku Joni,
ndipo akaimba, ngati waimba,
nambala imakhala ina, mawu ali patali,
ndikabwezera mawa lake amayankha mlendo
m'chiyankhulo chimene sindichimva.

Ndifufute? anatero Mwandida.
Mpatse makumi anayi, ndinatero.
Amayi, sizimufika ali kumeneko.
Mwinanso foniyo anagulitsa kalekale.
Ndikudziwa.
Mpatse makumi anayi.

Analemba osandiyang'ana.

Usiku wa Lachiwiri mvula inatsika m'phiri,
Likangala akubangula kumunsi,
magetsi phethi, zii,
ndipo atabwera, ndisanadzuke pampando,
pirinta inakhosomola yokha
n'kulavula tsamba limene inasiyira.
Ana a sukulu tsopano amati kwa amayi aja sikuchedwa.

Koma ndaphunzira njira ya khomo lija.
Ndikatseka geti, ndikazimitsa mbaula,
ndimavala magalasi n'kulemba manambala aja pang'onopang'ono,
dzina la galu, chaka cha denga,
ndi kuwerenga a m'nyumba mwanga.
Khumi, alipo.
Makumi awiri, alipo.
Makumi atatu, alipo, zinziri zili duu.
Makumi anayi

Mwandida akuti mphamvu ya wayifayi imathera pa mtengo wa mapeyala.
Ndapima: mapazi khumi ndi asanu kuchokera pageti.
Ndiye kuti akadzabwera, kaya ndi usiku wanji,
akadzaima pamenepo kusinkhasinkha chonena,
foni m'thumba mwake idzakhala italowa kale m'nyumba,
itakhala pampando wake,
iye asanagogode.