Mtengo wa Utsi

Anafika pa Bangula ndi galimoto yoyera,
nati utsi umene sitifukiza uli ndi mtengo.
Alufandika anaphwasula uvuni wake wa makala,
nadzala misangu m'mbali mwa Thangadzi,
kuthirira ndi chigubu, dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chatha tani imodzi inagula matumba atatu a mapira.
Chaka chino akuti maboma akutali afewetsa malonjezo,
mafakitale sakulimbiranso mpweya wathu.
Mtengo wagwa,
mitengo ili chiimire.

Usiku amawerengera m'kope la mwana wake:
mbande, chigubu, msana,
mbuzi ziwiri zomwe zinapita ku fizi.
Nanga sikelo yoyezera utsiyo amasunga ndani?
Iye sanaionepo.

Mawa m'mamawa, kusanatenthe,
akathiriranso.