Kwa Mrwanda

Mwana wa m'Chawama akatumidwa mchere
amauzidwa kuti, "Thamanga kwa Mrwanda."
Ndiye amafika pawindo langa,
ndalama itatentha m'chikhatho.

Ine ku Rwanda sindinapondeko.
Bambo ankakoka maukonde ku Rumonge, ku Burundi.
Mayi anandibereka ku Meheba
mvula ikuboola lona,
mchombo wanga n'kugwera m'dothi lomweli.

Dzina langa ndi Kaneza.
Ndi lalifupi kuposa "wothawa kwawo,"
koma pafomu malo ake ndi ochepa.
Kalaliki amadinda osadzutsa mutu:
"Mubwerera liti kwanu, mayi?"
Ndimayang'ana minibasi ya ku Chawama panja,
kondakitala akuitanira.

Asende, telala wa pakhonde langa,
amamutcha Kasai.
Ndi wa ku Uvira.
Kasai anangomuona pamapu a kusukulu.
Amaseka, singano ili pakamwa,
n'kupitiriza kupinda mayunifolomu a ana awo.

Tsiku lina mphekesera inakwera basi
kuchoka tsidya lina la tawuni:
akuti Mrwanda wina wachita zakutizakuti.
Wuti? Palibe anafunsa.
Dzina limodzi ndi thumba lalikulu,
tonse tinakwanamo.
Anyamata amene ndinkawapatsa maswiti a basela
anabwera ndi miyala.

Amake Tisauke anakhala pansi pakhomo,
chitenje atamanga cholimba,
nati, "Uyu msiyeni. Ndi Mrwanda wathu."
Miyala inagwa m'ngalande.
Ndinawathokoza mogwada.
Koma usiku tulo tinakana:
wathu, inde,
Mrwanda yemweyo.

Ndisaname, inenso.
Tikatseka chitseko timanong'ona m'Chikirundi
kuti, "Azambia ndi otere,"
ngati kuti Amake Tisauke
ndi mnyamata wa mwala uja
ali ndi nkhope imodzi.

Pansi pa sikelo ndimasunga buku la ngongole.
Mmenemo mulibe mtundu.
Muli Chikumbutso Sakala, mafuta theka la botolo.
Mutinta, makandulo awiri, alipira Lachisanu.
A Nyendwa a ndevu, sopo,
mkazi wawo asadziwe.
Aliyense mzere wake,
aliyense ndimamulemba bwinobwino, osaphonya chilembo.

Dzulo kamtsikana ka mano ogweluka
kanayima nthawi yaitali kakundiyang'ana.
"Anti, Mrwanda ndi dzina lanu la kusukulu
kapena la kunyumba?"

Ndinang'amba kona ya pepala la shuga,
ndinalemba zilembo zisanu ndi chimodzi.
Kanapita kakuwerenga mokweza,
mchere kataiwala pawindo.