Batire Lachiwiri

Twaibu, gwira tochi bwino, usandiwunikire m'maso.
Galimoto ya a Nachisaleyi imasambira mumchenga wa ku Lifuwu,
amaphwetsako matayala kuti isatitimire,
akafika paphula, wowapopera palibe.
Ndiye nayi kompuresa, yadyera ngati mlamu wa pa Khirisimasi.

Mabatire alipo awiri.
Lakumanzereli usalikhudze,
ntchito yake ndi imodzi: kuliza injini
ngakhale pakati pa dambo, usiku, foni itathima.
Mlendoyu akadyere kwa linalo.

Waya wofiira akhale wonenepa ngati chala chakocho,
woonda amatentha, ndinaonapo dashibodi ikusungunuka pa Chipoka.
Fyuzi pafupi ndi mutu wa batire, chikhatho chimodzi basi.
Wakudayo dikira,
pala kaye dzimbiri pa chesisi mpaka chitsulo chiseke,
ndiye umange.

Dina swichi.
Wamva? Rileyi yati khethe,
paipi yanjenjemera, tayala likudzuka.

Chaka chija cha fodya
ine zonse ndinalumikiza pa batire limodzi,
fizi, malata, njinga, maliro a achimwene.
Kutacha ndinapotokola kiyi,
kuli zii.

Sipanala ya teni ija waiika pati?