Mamba pa Nsalu Yakuda

Suti ya aphunzitsi a Likhutcha inali yakuda bii.
Nditaiyala pa makina,
timamba toyera tinayoyoka pa chigongono changa
ngati gaga wa kuchigayo.
Ndinasasa. Ndinasasanso.
Iwo anaona, sananene kanthu,
koma buluku la Khirisimasi anakasoketsa ku Chisitu.

Zaka zisanu ndi ziwiri pa khonde la pa Chitakale,
malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala,
phazi likupalasa makina,
dzanja likukanda mobisa kunsi kwa tebulo.

Ena anati zipere. Ena anati chikanga.
Mlamu ananong'oneza Elube kuti ndi khate,
mbale yanga inayamba kutsukidwa payokha.
Pa maliro ku Nkando mnzanga wa paubwana
anandipatsa moni manja ali m'thumba.
Ndinayezetsa magazi kawiri kuti anthu atseke pakamwa,
koma pepala la chipatala lilibe miyendo,
mphekesera ili ndi njinga.

Ndinamwa makungwa owawa a ku Muloza,
ndinatemedwa mphini kumsana,
ndinasamba madzi opemphereredwa a m'chigubu.
Kachubu ka pa msika wa Limbuli, kolembedwa Chipwitikizi,
kanandinamiza masabata atatu:
khungu see! ndinapita kutchalitchi mikono ili pamtunda.
Katatha, zinabwerera zitaitana abale,
m'mawondo, m'mutu, kuseri kwa makutu,
zikhadabo zinachita timaenje
ngati kachisoti kachitsulo kamene ndimavala kuchala posoka.

Lachinayi lina, pa chipatala cha pa boma,
nditakhala pabenchi kuyambira mbandakucha,
Mayi Muhasuwa anati, pindani malaya.
Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwira.
Ndinali nditaiwala kuti dzanja la munthu wachilendo limafunda.

Dzina lake ndi soriyasisi, anatero.
Sapatsirana. Palibe anakulodzani.
Khungu lanu likupupuluma,
likusoka chovala chatsopano chakale chisanathe.

Ndinafunsa kuti atha liti.
Anaika cholembera pansi.
Satheratu, bambo. Amagona, amadzuka.
Ntchito yanu ndi yanga ndi kuwagoneka tulo tatitali.

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo.
Ndinkafuna jakisoni mmodzi, basi,
osati mafuta akuda onunkha ngati msewu wothiridwa phula kumene,
osati ena owerengera masiku monga ngongole,
osati kuuzidwa kuti fodya ndimusiye,
kuti ndiothere dzuwa la m'mawa pang'ono chabe,
kuti ndibwerenso mwezi wamawa, ndi winawo.

Elube anadandaula za mashiti othimbirira.
Sabata yachiwiri, palibe.
Yachinayi, palibe, kungoti ndinagona osadzikanda.
Yachisanu ndi chiwiri m'mphepete mwa zigamba munayamba kufwifwa,
monga ifwifwira nsalu yoiwalidwa pa chingwe.

Sindinama, chiperoni chikatsika m'phiri
mu Juni, zimadzuka.
Mwana atadwala malungo zinadzuka.
Tsiku lina pawindo anati mankhwala atha,
ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe
ndi ndalama ya mayunifolomu anayi a sukulu.
Koma tsopano ndimadziwa amene akugogoda,
sindithamangiranso kwa aliyense wogulitsa mabotolo.

Mbale yanga inabwerera pakati pa zinzake
popanda wolengeza.
A Likhutcha sanabwerebe. Zawo zimenezo.

Dzulo mayi wogulitsa zinanazi patsidya pa msewu
anabweretsa bulauzi kuti ndiwonjezere manja.
Afike pano, anatero, akuloza pa mfundo ya dzanja.
Pomuyeza ndinaona zoyera zija kunsi kwa mpango,
iye anaona kuti ndaona,
nayamba kusonkhanitsa katundu wake.

Ndinapinda malaya anga mpaka m'mapewa.
Ndinatola kansanza kotsala pa suti ya munthu,
ndinalembapo ndi choko dzina lija, chilembo chimodzichimodzi,
ndi tsiku, Lachinayi, ndi khomo loti akagogode.
Manjawo ndiwonjezera, mayi, ndinatero,
koma ndisoka ndi ulusi wosavuta kusomola.