Telala wa Timu

Ine sindinamenyepo chikopa m'bwalo.
Mwendo wanga umangodziwa kupalasa makina
pakhonde pano pa M'baluku.
Koma manambala onse a Ziphaliwali za Mpondasi
anatuluka m'zala izi,
odulidwa ku zotsala za makatani a ku resitihausi.

Choncho anyamatawo ndimawadziwira kumsana.

Twaibu, nambala wani, mapewa ngati chitseko cha sitolo.
Anagwira mapenate awiri tsiku limodzi ku Namwera
mvula ikumukwapula,
anthu anamunyamula mpaka pa depoti.
Lero ndiye amanyamula anthu pa kabaza,
kuwoloka mlatho wa Shire kakhumi dzuwa lisanafike paliwombo.
Mukamuponyera ndalama
amawakha ndi dzanja limodzi, osayang'ana.

Amidu ankamutcha Chipupa.
Lolemba lililonse ankabwera ndi jezi yong'ambika m'khwapa
ndi nkhani yoti wolakwa anali wina.
Mawu amene ankalalatira nawo woyimbira
ndi omwewo amatidzutsa m'bandakucha kumzikiti.
Ndikamva azana ndimamwetulira mumdima,
Mulungu andikhululukire,
ndimamvamo munthu akudandaula ofusayidi.

Za Kasimu sindinena zambiri.
Anagulitsa nsapato za timu yonse, mawa lake kuli fainolo.
Anzake analowa m'bwalo opanda nsapato, nawina.
Akuti ali ku Lilongwe, ndi bwana wa mabasi.
Malaya awiri sanandilipirebe.

Bwanali wa kuphiko lamanzere,
shuga anamudya mwendo wamanzere womwewo.
Buluku lake ndine ndimapinda nkusoka pabondo.
Salipira, ndipo sitinakambiranepo.
Amakhala pabenchi apa tsiku lonse
nkumatsutsana ndi wailesi.

Ndiye Jafali, nambala naini.
Kamunthu kochepa, jezi inkamukhala ngati mkanjo,
ndinkaidya m'mbali ndi zala zitatu.
Zigoli makumi awiri ndi zitatu chaka cha njala chija.
Anthu ankabwera m'mimba muli mphepo yokha,
kukuwa dzina lake mpaka kusasa mawu
nkubwerera kwawo ngati alawako kanthu.
Kenako anakwera basi ya ku Joni.
Kunabwera malata. Kunabwera njinga, bulangeti, foni.
Pomaliza anabwera mwini wake
m'ngolo yokokedwa kumbuyo,
pakati pa mafiriji a anthu ena.

Dzana mwana wake Asiyatu anafika
ndi jumbo yakuda m'manja.
"Ankolo, mudulepo kamalaya ka mwana wanga,
angokwanitsa zaka zinayi."
Jezi yachikasu ija, yosuluka ngati papaya losapsa bwino,
yonunkha sutikesi.
Ulusi wanga unali chigwirire.

Ndinanola sizasi.
Ndinaiika pansi.
Ndinasoka zipi ya munthu wina yomwe sinali yachangu.
Twaibu anaimitsa njinga, phazi limodzi pansi,
kasitomala akudandaula pakaliyala.
Bwanali anati, "Dula iwe, nsalu si munthu,"
koma maso anali kwa amayi ogulitsa tomato.

Ndinadula.
Kutsogolo kunali kodyedwa ndi njenjete,
ndiye kuti nsalu ikwane ndinaitembenuza mutu pansi,
ndipo naini uja anasanduka sikisi.
Ndinafuna kusomola ndiyambirenso.
Asiyatu anati musavutike,
mwanayo sanayambe kuwerenga.

Ndalama yake ndinakana.
Anaisiya pansi pa chitini cha mabatani, ndaipeza lero.

M'mawa uno kamnyamatako kadutsa apa,
nambala ikukafika m'matako,
kakuthamangitsa mpira wa majumbo
pakati pa madengu a usipa ndi miyendo ya anthu.
Agogo ake anali wa mwendo wamanja.
Iko kamamenya ndi wamanzere,
ndipo Bwanali watsitsa wailesi,
wagogoda ndodo yake pansi kawiri,
akuti ameneyo ndi wake.