Kumene Ndege Zinkatera

Tinasonkha miyezi itatu, ife a banki m'khonde ya ku Kawale.
Ena ankafuna ku Dedza, ena kokaona nyama,
koma a Gwedeza anati, "Tiyeni mukaone kumene ndinasiya unyamata wanga."
Tinavota. Anapambana ndi dzanja limodzi,
la Nangozo, amene ankangofuna pafupi chifukwa cha bondo.

Loweruka la mu Okutobala, dzuwa litayamba kale mwano,
minibasi ya Yotamu inatsokomola kawiri isanavomere.
Tinawoloka mlatho, tinapyola phokoso la m'tauni,
mandasi pamiyendo, thobwa m'chigubu,
Sungeni, mwana wa mchimwene wanga, atamata mphuno pagalasi.

Pageti msilikali anawerenga kalata yathu,
kenako anaitembenuza ngati mawu ena abisala kuseri.
"Zithunzi ayi. Musapitirire mtengo uwo. Ola limodzi."

Kodi ndi pano?
Udzu wouma, chulu,
phula long'aluka ngati chidendene cha mlimi,
chisoso chitauma m'ming'alu,
nyumba ya malata adzimbiri itatsekedwa pakamwa ndi loko,
ndi kansalu koonetsa mphepo kali lende pachitsulo
ngati mwendo wa buluku loiwalika pachingwe.
Sungeni anandikoka chitenje:
"Azakhali, nanga ndegezo zili kuti?"

A Gwedeza anavula chipewa.
"Apa," anatero, ndodo ikujambula m'fumbi,
"ndinkayatsa parafini m'zitini ndege ikachedwa,
mzere uku, mzere uko.
Koma ntchito yanga yeniyeni inali mbuzi.
Belu likalira ndinkaliyatsa liwiro, chikoti m'manja,
kuti bwana wochokera ku Zomba
asatere pamsana pa tonde."

Anatiuza za matumba a makalata onunkha mafuta,
za fumbi limene linkatsala m'mano mpaka madzulo,
za mayi wina amene anayenda wapansi kuchokera ku Nathenje
kudzafunsa woyendetsa ndege
ngati kumwambako anaonako mwamuna wake, amene anapita ku Joni.

"Nanga inu munakwerapo kangati?"
anafunsa Yotamu, akuseweretsa makiyi.
"Kamodzi. Masitepe atatu,
kukapereka ambulera imene mzungu anaiwala.
M'katimo munkanunkhira malalanje."

Palibe anaseka.
Nangozo anaweramira bondo lake.

Kenako nkhalamba ija inapatsa Sungeni ndodo
n'kuyamba kuyenda, phazi ndi phazi,
mpaka kupitirira mtengo uja.
Msilikali anatsegula pakamwa,
anatsekanso.

Pakati pa phula a Gwedeza anaima chilili,
msana umene timaudziwa wokhota unawongoka,
manja onse m'mwamba,
akukodola thambo lopanda kanthu:
bwera, bwera, pang'onopang'ono, bwera.
Jekete likupepheruka m'khwapa.
Ife khumi ndi anayi tili duu,
tayang'ana kumene iwo ayang'ana,
makosi akuwawa.

Anabwera ndi kakowa.
Anazungulira kamodzi, anatambasula miyendo,
n'kutera cha pachulu, kutali ndi manja aja.
"Waphonya mzere," anatero a Gwedeza akutsitsa mikono.
"Ndi watsopano pantchito."
Pamenepo ndiye tinaseka, mpaka msilikali yemwe,
ndipo analandira mandasi awiri
ngakhale anayamba wakana.

Pobwerera, pamzere wa magalimoto pafupi ndi msika,
chinthu chasiliva chochokera ku Lumbadzi
chinadutsa pamwamba penipeni, chaching'ono ngati singano.
Tonse tinasuzumira pawindo.
A Gwedeza okha anali m'tulo, chipewa pankhope.
Sungeni anali atafumbata kachidutswa ka phula
kamene sindinamuone akutola.

Usiku uno buku la gulu lili pamiyendo panga.
Ndalemba mafuta, ndalemba mandasi,
ndalemba chindapusa cha Nangozo chifukwa chochedwa.
Patsala mzere wa "Zimene tinaona."
Cholembera chili m'mwamba,
chikuzungulira,
chikusowa potera.